Mantha okhala kutali ndi chimbudzi: kuyerekeza njira zothana nawo kuno ku Mzuzu

Pali anthu amene ulendo wa ku Lilongwe amauwerengera ndi zimbudzi. Basi isananyamuke pa depoti amakhala atadziwa kale kuti Chikangawa yonse ndi mitengo yokhayokha, ndipo poima podalirika m'pa Jenda kapena ku Kasungu. Ena ulendowo anausiya kalekale. Kutchalitchi amakhala benchi ya kukhomo, pa mzere wa kubanki amachokapo kawiri asanafike kutsogolo, maliro akumudzi amangotumiza chipepeso pa foni. Funso lowasautsa ndi limodzi: ndikapanikizika pano, ndithawira kuti?

Choipa chake n'choti funsolo ndi limene limadzutsa m'mimba. Munthu akachita mantha thupi limatulutsa m'magazi mankhwala ake otchedwa adrenaline: mtima umathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, matumbo amayamba kukankha, chikhodzodzo chimaitana chisanadzaze. Ubongo ukamva zimenezi umati "zayambika", mantha n'kukula, m'mimba n'kupotanso kwambiri. Mantha adzidzidzi oterewa amafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10, ndipo kawirikawiri amakhala atazilala pofika mphindi 20 kapena 30, kaya munthu walowa m'chimbudzi kaya ayi. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga mkodzo wokwana 400 mpaka 600 ml, koma chimayamba kuitana muli kapu imodzi yokha.

Zoyang'ana posankha

Njira iliyonse taiyeza pa zinthu zinayi: mtengo wake (ndalama, thiransipoti ndi nthawi), kupezeka kwake kuno, zimene imafuna kuti mupitirize, ndi zoopsa zake. Pamwamba pa zinayizi pali funso lalikulu: kodi njirayi ikungokuwolotsani lero, kapena ikuchepetsa manthawo kuti pakatha miyezi itatu musamaifunenso? Njira zambiri zopatsa mpumulo wa pompopompo zimagwira ngati katapila, lero mwapuma, mawa ngongole yakula. Dziwaninso mbali imene imakuvutani, ya matumbo kapena ya mkodzo, popeza mankhwala a mbali ina sathandiza inzake.

Musanasankhe, kayezetseni

Musathamangire kunena kuti ndi nkhawa chabe ngati pali chimodzi mwa izi: magazi m'chimbudzi, kuonda popanda chifukwa, kutsegula m'mimba kokudzutsani usiku, kutentha thupi, kuwotcha pokodza, ludzu losatha limodzi ndi kukodza pafupipafupi. Magazi mu mkodzo kwa munthu wosamba m'nyanja ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche amaloza likodzo. Abambo opitirira zaka 50 amene mkodzo umatuluka mofooka kapena modontha akaonetse prostate, kachiwalo kozungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo. Mayi amene mkodzo umangotuluka wosaleka chiberekere movutikira angakhale ndi fistula, ndipo imachizika ndi opaleshoni.

Tengani buku lanu la kuchipatala, pitani ku Mapale kapena ku St John's, mupemphe kuyezedwa chimbudzi, mkodzo, shuga ndi HIV. Tchulani mankhwala onse amene mukumwa. Metformin wa matenda a shuga amatsegula m'mimba anthu ambiri, HCT wa BP amakodzetsa, maantibayotiki nawo amasokoneza matumbo, ndipo nthawi zina kungosintha ola lomwera mapiritsi kumachepetsa vutolo. Zonse zikapezeka zili bwino koma m'mimba mukupotabe, lero kutsegula mawa kudzimbidwa, madokotala amaganizira matenda otchedwa IBS, amene amayenda kwambiri ndi nkhawa.

Njira yoyamba: kupewa ndi kudzimana

Iyi ndi imene pafupifupi aliyense amayamba nayo: kusadya kuyambira madzulo, kusamwa madzi, kulowa m'chimbudzi katatu kanayi musanatseke chitseko, kukana maulendo.

Mtengo: imaoneka yaulere. Koma werengerani kabaza amene mumakwera poopa kudikira minibasi kuti idzaze, katundu wa ku Songwe amene mumatuma anthu m'malo mokaoda nokha, ndi maphunziro a kuntchito amene mumakana.

Kupezeka: paliponse, nthawi iliyonse, n'chifukwa chake imakola anthu.

Kupitiriza: imafuna zambiri chaka ndi chaka. Chaka chino malire ndi Ekwendeni, chaka chamawa ndi Luwinga, kenako ndi geti la pakhomo. Nthawi iliyonse mukathawa n'kumva bwino, ubongo umatsimikiza kuti kuthawako ndiko kwakupulumutsani.

Zoopsa: mkodzo wa munthu wosamwa madzi umakhala wamphamvu ndipo umanyerenyetsa chikhodzodzo, kotero mumapanikizika msanga. Njala imabweretsa chizungulire ndi kunjenjemera, zizindikiro zomwezo za mantha. Kukodza "kuti mwina" kumazoloweza chikhodzodzo kuitana muli tochepa. Kudzikakamiza pa chimbudzi kumatupitsa mitsempha ya kotulukira. Kwa womwa mankhwala a shuga, kudumpha chakudya kungagwetse shuga mpaka kukomoka m'basi. Njira iyi sitiilimbikitsa kwa munthu wina aliyense.

Njira yachiwiri: kachikwama ndi kudziwa pamene pali zimbudzi

M'kachikwama muike tishu, chovala chamkati chosinthira, majumbo awiri, kasopo, chitenje ndi tchenji cha chimbudzi cholipira. Amene mkodzo umawapulumukadi awonjezere mapadi kapena thewera la akuluakulu. M'basi sankhani mpando wa m'mbali mwa kanjira, ndipo muuzeni kondakitala musananyamuke: "Achimwene, m'mimba simuli bwino, ndikakuuzani mundiimire." Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo makondakitala mawu amenewa amawamva tsiku lililonse.

Mtengo: wochepa, kupatula matewera a akuluakulu, amene ndi ochokera kunja ndipo amadula mukamavala tsiku ndi tsiku.

Kupezeka: zambiri zili m'magolosale, matewera ali m'mafamase a m'tauni. Zimbudzi zolipira zili kumsika ndi ku depoti, malo omwetsera mafuta ambiri alinso nazo. Madzi akasiya, zogejemula zina amazitseka.

Kupitiriza: kubwezeretsa zimene zatha, basi. Chofunika n'kuika tsiku loyamba kuchepetsa katunduyo.

Zoopsa: thewera lonyowa likakhalitsa limayambitsa zilonda, makamaka kotentha ngati ku Karonga. Choopsa chachikulu n'cha m'maganizo. Mukapeza kuti mukubwerera kunyumba chifukwa mwaiwala kachikwama, kapena mukuzungulira kufufuza chimbudzi musanakhale pansi pa ukwati, dziwani kuti njirayi yasanduka kupewa komwe kuja.

Njira yachitatu: loperamide

Awa ndi makapisozi a 2 mg amene amachedwetsa matumbo. Amayamba kugwira mkati mwa ola limodzi. Munthu wamkulu wotsegula m'mimba amamwa awiri poyamba, kenako m'modzi akapitanso chimbudzi chamadzi. Wofuna kudziteteza pa ulendo nthawi zambiri m'modzi amakwana, atamwa ola limodzi asananyamuke, koma kambiranani kaye ndi dokotala, ndipo muyesere kunyumba tsiku lopuma kuti muone mmene thupi lanu likuwalandirira.

Mtengo: wotsika ngati ndi wa apo ndi apo.

Kupezeka: m'mafamase. Musagule otayanitsa a pa benchi, amene aombedwa ndi dzuwa ndipo deti yake siyoneka.

Kupitiriza: palibe, ndipo si mankhwala omwa tsiku lililonse popanda dokotala. Mkodzo sakhudza, kuthamanga kwa mtima sakhudzanso.

Zoopsa: kudzimbidwa ndi kutupikana, kenako kutsegula kwadzidzidzi patapita masiku, zomwe zimabwezeretsa mantha. Musapyole mlingo wolembedwa pa paketi, chifukwa ochuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima mpaka kupha. Musamwe ngati muli magazi m'chimbudzi, ngati thupi latentha, kapena ngati chimbudzi chikutuluka chamadzi okhaokha mosalekeza. Amene anaona kolera wa 2022 ndi 2023 ku Nkhata Bay akudziwa kuti pamenepo pamafunika thanzi ORS ndi chipatala msanga. Ana osakwana zaka 12 asapatsidwe popanda dokotala. Tinenenso za chizolowezi chomeza Flagyl kapena Bactrim m'mimba mukangolira: mantha alibe tizilombo toti tiphedwe, ndipo mankhwalawa amasokonezanso matumbo omwewo.

Njira yachinayi: kuphunzitsa matumbo ndi chikhodzodzo

Yambani ndi kope. Kwa milungu iwiri lembani zimene mwadya, zimene mwamwa, nthawi imene mwapita kuchimbudzi ndi kumene munali. Ambiri amadabwa kuona kuti Lamlungu ali pakhomo amakhala maola anayi osakodza, pamene Lolemba pa siteji sapirira mphindi 40.

Zokayikitsa zodziwika ndi khofi, tiyi wamphamvu, zakumwa zopatsa mphamvu, mowa, mkaka, nyemba, kabichi, anyezi, kambuzi ndi chipisi cha mafuta cha pa chiwaya. Chotsani chimodzi kwa milungu iwiri, muone, mubwezere, kenako china. Kuzizira kwa June ndi July kuno kumakodzetsa pakokha, ndiye mukawonjezera makapu atatu a tiyi wa m'mawa musadabwe. Madzi imwani malita 1.5 mpaka 2, pang'onopang'ono tsiku lonse. Matumbo amayenda mwachibadwa munthu akangodya, makamaka m'mawa, choncho idyani kadzutsa ola limodzi kapena awiri musananyamuke, mukhale pa chimbudzi mphindi 5 mpaka 10 osakakamiza, mudzukepo, osabwereranso.

Za chikhodzodzo: ngati mumakodza ola lililonse, onjezerani mphindi 10 kapena 15 mlungu uliwonse mpaka mufike maola atatu kapena anayi. Mkodzo ukakugwirani musathamange. Imani kapena khalani pansi, finyani minofu ya kunsi kasanu mofulumira, dikirani kuti kupanikizika kutsike, kenako yendani bwinobwino. Minofu yake ndi imene mumamanga poletsa mphweya kutuluka. Ilimbitseni pofinya maulendo 8, katatu pa tsiku, kugwira mpaka masekondi 10 ulendo uliwonse, osamanga mpweya, osafinya matako.

Mtengo: kope ndi cholembera.

Kupezeka: pakhomo. Ngati simukuipeza minofuyo, a mafizo kapena anamwino a sikelo angakuonetseni.

Kupitiriza: chikhodzodzo chimafuna milungu yosachepera 6, minofu miyezi itatu. Ambiri amalekera panjira.

Zoopsa: kusala zakudya zambiri nthawi imodzi mpaka kutsala ndi nsima ndi mchere. Musaphunzitse chikhodzodzo muli ndi matenda a m'njira ya mkodzo, ndipo musazolowere kuyesera minofu podula mkodzo pakati.

Njira yachisanu: uphungu wa CBT ndi kuyandikira zoopedwa pang'onopang'ono

CBT ndi uphungu wothandiza munthu kusintha maganizo ndi zochita zimene zimakulitsa mantha. Pa njira zonse, iyi ndi imene imalimbana ndi manthawo mwachindunji. Mumakumana ndi phungu kamodzi pa mlungu, pafupifupi ola limodzi, ndipo pa mantha adzidzidzi maola onse amakhala 7 mpaka 14. Ntchito yeniyeni imachitika kunja kwa ofesi. Mumalemba malo amene mumaopa, kuwapatsa mlingo wa 0 mpaka 10, n'kuyamba ndi a pa 3 kapena 4.

Kwa wokhala ku Chibavi kapena ku Zolozolo, makwerero angakhale otere. Kuyenda wapansi mphindi 15 kuchoka pakhomo osalowanso m'chimbudzi kachiwiri. Kuzungulira mumsika wa Taifa theka la ola osafufuza chimbudzi. Kukhala pakati pa benchi kutchalitchi. Kukwera takisi ya ku Luwinga, kukhala kumbuyo. Minibasi ya ku Ekwendeni, makilomita pafupifupi 20. Kutsetsereka kwa ku Nkhata Bay, pafupifupi 50, msewu wokhotakhota. Kenako Jenda, kenako Lilongwe, makilomita oposa 350. Sitepe iliyonse muibwereze katatu kapena kanayi pa mlungu mpaka itayamba kutopetsa, ndiye mukwere ina.

Musanakwere lembani ulosi wanu momveka: "Ndidziipitsira tisanadutse pa Dunduzu." Minibasi yadzaza, thumba la chimanga latsekereza chitseko, mwapanikizidwa pakona. Mukangodutsa Luwinga m'mimba mwayamba kulira, kumsana thukuta. Apa ndi pamene pali phunziro. Pondani pansi ndi mapazi onse, masulani mapewa ndi mimba, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mpaka 6, maulendo 10. Musamapime m'mimba sekondi iliyonse, werengani zikwangwani za m'mbali mwa msewu kapena mverani mkangano wa tchenji. Onani nthawi. Mukatsika ku Ekwendeni dikirani mphindi 10 musanafunse chimbudzi, ndipo lembani zimene zachitikadi pafupi ndi ulosi uja. Pakatha maulendo angapo kopelo limayamba kutsutsa mantha ndi umboni wanu womwe.

Sitepe ikazolowereka, muibwereze mutachotsa chodalira chimodzi: lero opanda loperamide, mlungu wamawa opanda thewera, kenako mutadya kadzutsa. Mukapanda kutero ubongo umati kapisozi ndi amene wakupulumutsani. Phungu wabwino amakufunsaninso funso limene mumalizemba: zitachitikadi, n'chiyani chingatsatire? Chitenje m'chiuno, kutsika, kusamba, manyazi a masiku angapo. N'zowawa, koma n'zochepa poyerekeza ndi zaka zokhala pakhomo.

Mtengo: nthawi, thiransipoti yokaonana ndi phungu, ndi ndalama za maulendo oyeserera. Malipiro amasiyana malo ndi malo, kwa aphungu oima paokha ndi okwera.

Kupezeka: pamenepa Mzuzu ili ndi mwayi. St John of God imapereka chithandizo cha matenda a maganizo kuno ndipo koleji yake imaphunzitsa aphungu. Ku Mzuzu Central Hospital ndi m'zipatala za maboma kuli anamwino a za maganizo. Kupita kumeneko sikutanthauza misala. Funsani mosabisa ngati phunguyo amagwiritsa ntchito njira yoyandikira zoopedwa, chifukwa kucheza kokha za mavuto a moyo kumatonthoza koma manthawa sikuwachotsa. Kumene kulibe phungu, makwererowa mungawayambe ndi m'bale wodekha, amene sakusekani komanso sakuuzani kuti "tiyeni tingobwerera".

Kupitiriza: ntchito ya kunyumba mlungu uliwonse. Mukamaliza, pitirizani kuyenda, ndipo mantha akabwerera pambuyo pa matenda kapena maliro, tsikani masitepe awiri muyambirenso.

Zoopsa: milungu yoyamba nkhawa imakwera. Kulumphira Lilongwe pa mlungu woyamba kungakubwezeni m'mbuyo, ndipo kutsika minibasi mantha ali pachimake kumawalimbikitsa. Zikatero bwerezani sitepe yomweyo mawa lake.

Njira yachisanu ndi chimodzi: mankhwala a nkhawa olembedwa ndi dokotala

Fluoxetine amamwedwa tsiku lililonse, nthawi zambiri 20 mg, ndipo ena amawayambitsa ndi wochepa. Amitriptyline wochepa, womwa usiku, amachedwetsa matumbo ndi kuchepetsa kupota, choncho amayenera amene amatsegula m'mimba. Diazepam amaziziritsa mtima m'mphindi zochepa, koma pa vuto ili ndi msampha.

Mtengo: aulere m'zipatala za boma akakhalapo. Akasowa mumagula ku famase ndi chikalata cha dokotala, ndiye werengerani miyezi yambiri.

Kupezeka: kudzera kwa dokotala kapena namwino wa za maganizo basi. Osagawana ndi mnansi.

Kupitiriza: fluoxetine amatenga milungu 4 mpaka 6 kuti aoneke ntchito yake, ndipo amapitirizidwa miyezi yosachepera 6 mutayamba kupeza bwino. Kusiya kumakhala kochepetsa pang'onopang'ono mogwirizana ndi dokotala.

Zoopsa: milungu iwiri yoyamba fluoxetine angabweretse nseru, kutsegula m'mimba ndi kusakhazikika, zinthu zomwe mumaopa zija, ndipo osachenjezedwa amasiya tsiku lachitatu. Achinyamata osakwana zaka 25 ayang'aniridwe, ndipo maganizo ofuna kudzipha akabwera abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Amitriptyline amaumitsa kukamwa ndi kugonetsa, zomwe madalaivala ndi a kabaza ayenera kudziwa. Angatsekenso mkodzo kwa abambo a prostate, ndipo ochuluka amapha, choncho akhale kutali ndi ana. Diazepam amazolowereka m'milungu yochepa, ndi woopsa ndi mowa, ndipo amalepheretsa ubongo kuphunzira kuti mantha amatha okha. Oyembekezera ndi oyamwitsa anene asanalandire aliwonse.

Zitsamba, mowa ndi mapemphero

Zitsamba zili paliponse ndipo mtengo ndi wokambirana, koma mlingo wake sudziwika, ndipo zambiri za m'mimba ndi zotsuka, kutanthauza zotsegula. Kabotolo kolimbitsa mtima musanakwere basi kamakodzetsa, kamafewetsa chimbudzi, ndipo mawa lake nkhawa imabwera yowirikiza. Pemphero ndi kucheza ndi abusa kapena ashehe zimakhazika mtima pansi ndipo sizitsutsana ndi njira iliyonse pamwambapa, pokhapokha wina akakuuzani kuti mutaye mankhwala.

Njira iti kwa ndani

Muli ndi chizindikiro chilichonse cha zija tatchula pa mutu wa "Musanasankhe, kayezetseni": chipatala kaye, zina zonse zidikire.

Muli ndi ulendo wosapeweka mlungu uno, maliro ku Karonga kapena intavyu ku Lilongwe: kachikwama, mpando wa m'mbali mwa kanjira, mawu kwa kondakitala, kadzutsa wopepuka, madzi pang'onopang'ono, kapumidwe ka 4 ndi 6, ndi loperamide ngati vuto ndi la matumbo ndipo munamuyesa kale. Mukabwerako yambani makwerero a njira yachisanu.

Mwayezedwa, zonse zili bwino, simunadziipitsirepo kapena zinachitika kamodzi kalekale: njira yachisanu, mothandizidwa ndi yachinayi. Matewera simukuwafuna.

Vuto ndi mkodzo, makamaka mayi amene umadontha akatsokomola kapena akanyamula ndowa: minofu ndi kuphunzitsa chikhodzodzo miyezi itatu, mapadi podikira, kenako kuchipatala ngati palibe kusintha.

Dokotala wati ndi IBS yotsegula m'mimba: kope la zakudya, loperamide wa masiku osankhidwa, kukambirana za amitriptyline, ndi uphungu.

Simukutulukanso pakhomo, tulo tasowa, ntchito yaima, kapena mukumwa mowa kapena diazepam kuti muyende: pitani kwa a za maganizo mlungu uno ndi munthu wokuperekezani, ndipo yembekezani kuti akupatsani mankhwala ndi uphungu limodzi.

Mwana wa sukulu amene akukana kalasi poopa kupanikizika: loperamide ayi. Kholo likaonane ndi mphunzitsi kuti mwanayo aziloledwa kutuluka osafunsidwa mafunso pamaso pa anzake, likaonenso mmene zimbudzi za pasukulupo zilili, ndipo mwanayo akayezedwe njoka za m'mimba, likodzo ndi kudzimbidwa.